Dontho Lachinayi

Mlongo wanga anamutenga apolisi asanasambe n'komwe m'manja. Anamupeza ali chagada pansi pa galimoto ya munthu wina, n'kumukoka miyendo ngati mbuzi yokana kutuluka m'khola. Pamene uthenga unkandipeza kumsika komwe ndimasoka zovala, iye anali kale m'chitokosi, ndipo tauni yonse inali itagamula kale mlandu wake. Aliyense ankati Girisi wapha Wamatabwa.

Girisi si dzina limene amayi anamupatsa, koma ndi limene linamukakamira, poti chiyambire unyamata wake sindinamuonepo ndi zikhadabo zoyera. Ndi makaniko, ndipo ndi mlongo wanga mmodzi yekhayo. Wamatabwa anali kasitomala wake wakalekale, bambo wa mimba ndi mawu aakulu, mwini malo ogulitsira matabwa kumtunda kwa msika. Anali ndi chigalimoto chokoka ndi matayala onse anayi, chachikale moti anthu ankangochitcha Nkhalamba. Lachiwiri m'mawa Girisi anakonza mabuleki a Nkhalamba. Lachitatu m'mawa, potsika mtsetse wopita kunkhalango kokacheka matabwa, mabuleki aja anakana, galimoto n'kukagwera kuphompho. Wamatabwa anafera pomwepo.

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, zimenezo sindibisa. Ndinasiya diresi ya mwini ili pamakina, singano ili m'kati, n'kuthamangira kupolisi.

"Mayi, nkhani iyi ndi yosavuta," anatero wapolisi wa pakauntala, osandiyang'ana n'komwe. "Wakonza mabuleki dzulo, lero mabuleki akana, munthu wafa. Lolemba akaonekera kukhoti, akachoka kumeneko ndi wa kundende yaikulu. Lowani mumuone, koma musatalikitse."

Ndinamupeza Girisi atagwira zitsulo za pachitseko, maso ali psuu. Nditangoyamba kusisima anandidula.

"Achemwali, misozi mukalirire kunyumba. Pano mvetserani."

"Unamanga bwino zinthu zija, iwe? Usandinamize, ndinakubereka kumsana ine."

"Ndinamanga, ndipo ndinapaka penti."

Girisi ali ndi kachitidwe kake kamene amakaniko anzake amamuseka nako. Nati iliyonse akamaliza kuimanga amaidutsitsa kamzere ka penti yachikasu, kuchokera pa natiyo kufika pa chitsulo cha pambali pake. Munthu wina akadzaitembenuza ngakhale pang'ono, kamzereko kamaduka.

"Nkhalamba imadontha malo atatu," anapitiriza, akulankhula mofulumira ngati wina amulanda mawu. "Mwini wake ankakana kuti ndikonze, ankati galimoto yodontha ndiye kuti ikadali ndi magazi. Kutsogolo kumadontha oyilo wa injini, wakuda bii. Pakati pamadontha wa giyabokosi, wolimba, wonunkha ngati dzira lowola. Kumbuyo, pakati pa matayala, pamadontha wa difu. Paliponse pamene yaima imasiya madontho atatu pamzere umodzi. Dontho lachinayi linali la mafuta a mabuleki, pambali, pafupi ndi tayala lakumbuyo lakumanzere. Limenelo ndi lomwe ndinatseka ine."

"Nanga ine telala ndikasiyanitsa bwanji mafuta ndi mafuta anzake?"

"A mabuleki ndi oyera ngati ophikira, ndipo akagwera pa penti amaidya. Akagwera padothi, tapani dothilo muponye m'kapu ya madzi. Oyilo amayandama pamwamba. A mabuleki amasungunuka, madzi n'kuchita mbuu." Anandigwira dzanja kudzera m'zitsulo zija. "Tsatirani paliponse pamene inaima itachoka kwa ine. Mukapeza pomwe dontho lachinayi linayambira, mwapeza pomwe munthu analowa pansi pa galimoto ija ndi sipanala."

"Munthu wake ndani?"

"Ndikanamudziwa si bwenzi ndili muno."

Ndinadzera kugalaja kwake. Girisi akamaliza kukonza galimoto yodontha amayala katoni yoyera pansi pake, n'kuponda mabuleki mpaka mwendo kutopa, kenako n'kuitulutsa katoniyo kuti mwini galimoto adzionere yekha. Ya Nkhalamba ndinaipeza itatsamira khoma kuseri kwa chitseko. Inali ndi madontho atatu pamzere umodzi, lakuda, lonunkha ndi la difu. Pambali, pomwe pakanagwera lachinayi, panali pouma.

Madzulo pachakudya ndinafotokozera bambo a kunyumba zonsezi. Iwo ndi pulambala, munthu wofatsa woti akamalankhula umachita kutchera khutu. Chikwatiranireni sanandikwezerepo mawu, wokweza mawu m'nyumba mwathu ndinali ine. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali m'mbale.

"Zisiyireni apolisi, amake mwana," anatero. "Alamu atuluka. Inu mukamalowerera mungoonjezera moto."

Mwana wathu sanadye. Tili naye mmodzi yekha, mtsikana wamkulu woti anamaliza sukulu ndipo akudikira malo ku koleji. Maso ake anali otupa, ndipo ndinamumvera chisoni, poti amalume ake amawakonda kuyambira ali wakhanda. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndiwatulutsa. Anadzuka n'kukadzitsekera kuchipinda.

* * *

Kupita kunyumba ya maliro uli mlongo wa amene akumuloza chala si chinthu chapafupi. M'mawa mwake ndinalimba mtima, n'kudzera chipata cha kuseri kuti ndipewe maso a anthu. Mkazi wa Wamatabwa ndinamupeza atakhala yekha pakhonde la kukhitchini. Ndi mayi wamtali, wouma thupi, ndipo m'maso mwake munalibe msozi.

"Mwabwera kudzapepesa kapena kudzaona ntchito ya manja a mlongo wanu?"

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndabwera kudzaona pomwe galimoto inkagona."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kenako anadzuka, n'kunditsogolera ku shedi ya malata pambali pa nyumba. Pansi pake panali simenti yopakidwa penti yofiira, yodetsedwa ndi oyilo wa zaka zambiri. Madontho atatu aja anali atasanduka mabwalo atatu akuda. Ndinagwada n'kuyang'ana chakumanzere. Penti yofiira inali itatupa n'kusupuka malo aakulu ngati chikhatho, ndipo pogwira panali ponyowa, poterera.

"Apa panali chonchi kale?"

"Kale kunkadontha pang'ono, ndinkangoika kachitini. Koma kusupuka chonchi ayi. Ndinapaona Lachitatu atangotuluka."

"Usiku wa Lachiwiri munthu akanatha kulowa muno?"

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Geti timakhoma, agalu timamasula. Agalu athu ngakhale mlamu wanga weniweni samudziwa. Muno simunalowe munthu."

"Ndiye kuti inabwera ikudontha kale. Masana anali kuti?"

"Mukundifunsa ine?" Anakonza mpango kumutu. "Mwamuna wanga anali wanga usiku, mayi. Masana anali wa dziko. Ndinasiya kufunsa mwana wathu woyamba asanayambe kuyenda. Kafunseni mlonda wa kumatabwa, ndi amene ankamutsegulira geti."

Nditatembenuka kuti ndizipita anandiitana.

"Mukamupeza amene wachita izi, musayembekezere kuti ndimutukwana. Koma ngati si mlongo wanu, samalani. Munthu woti analowa pansi pa galimoto masanasana osaopa, sangaope telala."

* * *

Mlonda wa kumatabwa ndi mdala wogontha khutu limodzi, woti ukamufunsa za lero amayambira chaka cha dzana. Ndinamupeza akuwiritsa tiyi m'kachitini pafupi ndi geti.

"Aa, mwana wanga, abwana apita. Munthu uja ankandilalatira tsiku lililonse, koma lero ndikusowa wondilalatira. Galimoto ija ndinaiona ikubwera ili yatsopano, nthawi imeneyo mano ndili nawo onse."

"Agogo, Lachiwiri atachoka kugalaja anaimika pati?"

"Pati? Pamalo pawo, pansi pa mtengo uwo. Abwana sankafuna mpando wotentha."

Pansi pa mtengopo dothi linali lakuda ndi oyilo. Ndinayenda chokwawa, mawondo m'fumbi, kufunafuna chakumanzere. Panali pouma ngati pakatoni paja.

"Anakhala tsiku lonse?"

"Ayi, dzuwa lili paliwombo anatuluka. Anabwerera mithunzi itatalika, akuimba kamluzu. Anapeza lole yaima pamalo pawo, anatukwana pang'ono, n'kuimika apa pomwe mwaimapa."

Ndinasuntha phazi. Pansi panali madontho atatu atsopano pamzere umodzi, ndipo pambali pake, chakumanzere, kadothi kakuda konyowa. Ndinapempha kapu ya mdalayo, n'kuthiramo madzi, n'kuponyamo kadothi kaja. Palibe chinayandama. Madzi anangochita mbuu.

"Mwandiipitsira kapu," anadandaula mdala.

"Ndikutsukirani. Masana amenewo anapita kuti?"

"Ine ndimalonda matabwa, mwana wanga, sindilonda mabwana."

"Koma maso muli nawo. Atatuluka pageti anakhotera kuti?"

Anauzira tiyi wake. "Kunkhalango amakhotera kumanja. Kunyumba kwawonso ndi kumanja. Koma masiku ano masana ankakonda kumanzere, njira ya ku thanki ya madzi. Kumeneko kulibe matabwa, mwana wanga. Inu simukhala cha komweko?"

Ndinamuyankha kuti kumeneko kumakhala anthu ambiri.

* * *

Nkhalamba anali ataikoka n'kuiponya kuseri kwa polisi, pakati pa magalimoto ena a ngozi. Denga linali litaphwanyika mpaka kukhudza chiwongolero. Wapolisi uja anandilola kuti ndiione, mwina pofuna kuti ndimuchoke pamaso. Ndinayala chitenje pansi n'kulowa chagada pafupi ndi tayala lakumbuyo lakumanzere.

Sindidziwa za magalimoto, koma penti yachikasu ndimaidziwa. Ndinapeza kapaipi kopyapyala kolowera kutayala, ndi nati yake. Theka la kamzere linali pa nati, theka lina pa chitsulo, ndipo sizinayang'anizane. Natiyo inali itatembenuzidwa. Ndinaikhudza ndi chala, ndipo m'mazinga mwake munatuluka kansanza koyera, kopyapyala, koterera ngati khungu la mkaka.

Tinsanza timeneto ndimatidziwa. Ndakhala ndikutichotsa m'matumba a ovolosi tsiku lililonse lochapa.

"Bwana, tabwerani muone," ndinaitana. Wapolisi anawerama monyinyirika.

"Galimoto yagubuduzika m'miyala, mayi. Chilichonse chikhoza kusuntha, chilichonse chikhoza kukodwamo. Bweretsani munthu, osati ulusi."

Ndinapempha kuonananso ndi Girisi. Nditamuuza za penti anaomba m'manja kamodzi, nkhope n'kuwala.

"Nanga tepi yoyera, umakulungira pa mabuleki?" ndinamufunsa.

"Tepi? Pa mabuleki?" Anaseka koyamba chilowereni m'chitokosi. "Makaniko sangachite zimenezo ngakhale ataledzera. Zimenezo ndi za anthu a mipope ya madzi. Iwo dzanja linazolowera, akangomasula kanthu amakulunga tepi." Anaganiza pang'ono. "Koma ndiye ndi wochenjera. Anamasula nati, n'kukulunga kuti mafuta asatayike nthawi imodzi. M'tauni ukuponda pang'onopang'ono imagwira. Pamtsetse ukaponda ndi mphamvu, basi, zonse phuu. Achemwali, kafunseni alamu. Mapulambala onse a m'tauni muno amawadziwa, akuuzani amene anali pa chidani ndi Wamatabwa."

"Ndikawafunsa," ndinatero.

Potuluka ndinkadziuza kuti mapulambala ndi ambiri, tepi amagulitsa m'sitolo iliyonse, ndipo aliyense akhoza kugula. Ndinadziuza zimenezi njira yonse.

* * *

Pamphambano yolowera mumsewu wathu pali mayi wogulitsa makala, woti ntchentche siidutsa iye osaiona. Timagwirizana, ndinamusokera yunifolomu ya ana ake onse. Pafupi ndi matumba ake pali chitumbira chomwe galimoto iliyonse imachepetsa liwiro, ndipo pamwamba pa chitumbiracho ndinaona madontho akuda, ena akale, ena atsopano.

"Anzanga, Nkhalamba inkadutsa pano?"

Anayamba kusanja makala omwe anali osanjika kale. "Magalimoto amadutsa ambiri."

"Sindikufunsa ambiri. Mlongo wanga ali m'chitokosi."

"Ndamva, pepani." Anapukuta manja pachitenje, maso ali kumbali. "Ine sindifuna kutchulidwa pa nkhani za eni."

"Inkapita kwa ndani?"

Anadikira kuti njinga ina idutse kaye. Kenako analankhula motsitsa mawu, ndipo m'mawu akewo munali chisoni chomwe chinandiopsa kuposa chipongwe.

"Inu anzanga mumakhalira kusoka zong'ambika za eni kumsika. Za kwanu akukusokerani ndani? Pitani kunyumba."

* * *

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kampata pakati pa khoma ndi mpanda, kokwana galimoto imodzi, kosaoneka kuchokera kumsewu. Lachiwiri madzulo nditabwera kumsika ndinapeza bambo atathirapo mchenga, amvekere akufuna kukonza ngalande. Sindinafunse zambiri. Mwamuna akamakonza pakhomo umangothokoza.

Ndinatenga fosholo. Sindinafukule kwambiri, chifukwa oyilo sabisika, anali atayamba kale kutulukira pamwamba pa mchenga. Dontho loyamba linali lakuda bii. Dontho lachiwiri ndinalimva fungo ndisanalione. Lachitatu linali pamzere womwewo. Ndinaima kaye, n'kupemphera kuti chakumanzere ndipeze pouma. Ndinapalasa ndi manja. Panali ponyowa, ndipo si kadontho ayi, panali potakata ngati mbale, pomwe mafuta anayamba ataika kaye munthu asanakulunge tepi.

Ndinakatenga kapu kukhitchini ngakhale ndinkadziwa kale. Madzi anachita mbuu.

Geti linalira kumbuyo kwanga, kenako ndinamva akulikhoma. Bambo anatulukira pakona ya nyumba atanyamula chikwama cha zitsulo paphewa, sipanala yaikulu ya mipope ili kudzanja. Anayang'ana mchenga, anayang'ana kapu, kenako anayang'ana ine. Nkhope yawo inali yofatsa monga mwa masiku onse. Kwa nthawi yoyamba m'banja mwathu ndinawaopa.

"Ndinakuuzani kuti muzisiye, amake mwana."

"Galimoto ya Wamatabwa inkafuna chiyani kuseri kwa nyumba yanga?"

Anatula chikwama pansi, koma sipanala sanaitule.

"Lachiwiri ndinaiwala chodulira mapaipi, ndinabwerera masana. Ndinaipeza ili apa. Chitseko cha nyumba chinali chokhoma. Ndinaima pawindo ilo." Analoza windo la kuchipinda kwathu, kwa ine ndi iwo. "Ndinamva mawu ake. Ndinamvanso mwana wathu akuseka. Munthu wamkulu kuposa ine, amake mwana, wa zidzukulu. Pabedi pathu."

Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo. Maso otupa aja sanali olirira amalume. Ndinamva manyazi, ndinamva mkwiyo, ndipo kunena zoona, Wamatabwa akanakhala moyo nthawi imeneyo ndikanamukhadzula ndi manja angawa.

"Bwanji simunagogode? Bwanji simunaswe chitseko, kumukoka, kumuchititsa manyazi msewu wonse ukuona? Bwanji simunandiuze ine?"

"Ndimatha kukuwa ine? Ndinayesa kukweza dzanja kuti ndigogode, linakana. Ndinangoona ndili pansi pa galimoto." Anayang'ana sipanala ija ngati ndi ya munthu wina. "Mafuta atayamba kutayika ndinaopa kuti aona. Tepi inali m'thumba. Dzanja linangochita lokha."

"Munkafuna afe."

"Ndinkafuna athyoke mwendo, aphunzire."

"Musandinamize, bambo. Mtsetse uja mumaudziwa."

Kumsewu kunadutsa ana akuchokera kusukulu, akuphokosera, ndipo tonse tinadikira kuti adutse ngati tikukambirana za ngalande.

"Nanga mlongo wanga?" ndinafunsa.

"Sindinadziwe kuti m'mawa mwake anali atakonza mabuleki. Ndikanadziwa..." Kenako anabwera pafupi, n'kunjuta patsogolo panga, n'kutsitsa mawu kuposa kale. "Tamverani. Apolisi alibe umboni woti anachita dala. Adzati ndi kusasamala pa ntchito. Alamu alibe mkazi, alibe mwana. Akakhala zaka zochepa atuluka, ndipo ife tizikawaona, sadzasowa kanthu. Koma ine ndikalowa sindidzatuluka, ndipo dzina la mwana wathu lidzakhala m'kamwa mwa tauni yonse. Bwezerani mchengawu, amake mwana. Mvula ikagwa zonsezi zitha."

Mawu amenewo ndi omwe anandipha. Za pansi pa galimoto mwina ndikanazimvetsa, mtima wa kholo ukapsa suona. Koma izi anali ataziganiza mofatsa, masiku awiriwa, akudya nane mbale imodzi. Anali atamuyeza mlongo wanga pasikelo n'kupeza kuti ndi wopepuka.

"Amakutchani alamu," ndinatero. "Denga ili anakhoma nanu. Lero lomwe wandiuza kuti ndidzakufunseni inu, mundithandize kupeza wakupha."

"Ndiye mukandipereka?"

"Ndikupita kupolisi. Mukafuna kundiletsa, chitsulo muli nacho m'manja."

Ndinadzuka. Njira yopita kugeti inali kumbuyo kwawo, ndipo iwonso anadzuka. Tinayang'anizana. Zala zawo zinalimba pa sipanala.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Mwana wathu anaima pakhomo, atagwira felemu ndi manja onse awiri. Anali atamva zonse. Sanandiyang'ane ine.

"Bambo, wolakwa ndine, ndi uja wapita, ndi inu," anatero ndi mawu osasa. "Nanga amalume alakwa chiyani?"

Sipanala inagwera mumchenga. Bambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mwana wawo. Kenako anapita pampopi, n'kusamba m'manja ndi sopo mosafulumira, n'kuvula ovolosi, n'kulowa m'nyumba kukavala malaya oyera.

* * *

Tinayenda wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo, osalankhulana. Mayi wa makala atationa anawerama n'kuyamba kumanga thumba. Ndinkayang'ana msana wa mwamuna wanga, malaya omwe ndinasoka ndekha, ndipo ndinkalira mopanda mawu. Ndinkawakondabe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandipweteka kwambiri.

Chitseko cha chitokosi chimayang'anizana ndi kauntala. Girisi anationa tikulowa, n'kudumpha kudzagwira zitsulo.

"Alamu, mwabwera," anatero, mano onse pamtunda. "Ndimadziwa ine kuti simungandisiye muno. Achemwali akuuzani za tepi ija? Mwamudziwa munthu wake?"

"Ndamudziwa, alamu," anayankha bambo.

"Mwamva bwana? Ndinakuuzani kuti alamu anga ndi munthu. Tatsegulani apa, ndikapsa ndi ntchito za eni kugalaja."

Wapolisi anakweza mutu, kudikira dzina. Bambo sanatchule dzina lililonse. Anatulutsa makiyi a kunyumba n'kundipatsa ine. Anavula wotchi n'kuiika pakauntala. Anamasula lamba, n'kumukulunga bwinobwino, n'kumuika pambali pa wotchiyo. Kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Girisi anali akusekabe pamene bambo ankamasula nsapato yoyamba. Pofika yachiwiri anali atasiya.

"Achemwali," anandiitana chapansipansi. "Alamu akuvuliranji nsapato?"